Miyendo ya fifth wheel ikakana kuyenda, yambirani pa batire

Ku America ndi ku Canada kuli makalavani akuluakulu amene sakoledwa pa kampira ka kumbuyo kwa galimoto. Mutu wake umakwera pamwamba pa bodi ya pikiapu, ndipo chipini chachitsulo cha kunsi kwa mutuwo chimalowa m'chimbale chomangidwa pamwamba pa ekiselo ya kumbuyo. Eni ake amangoti fifth wheel. Amene anaonapo hosi ikukola thirela pa boda ya Mwanza kapena ya Mchinji akudziwa kale kagwiridwe kake, pakuti nzeru yake ndi yomweyo. Kusiyana kwake n'kwakuti dalaivala wa thiraki amatsitsa miyendo ya thirela popukusa ndi manja, pomwe makalavani ambiri a masiku ano ali ndi majeke 4 kapena 6 amene amatsika okha n'kuwongola kalavani yonse mukangodina batani lolembedwa AUTO LEVEL.

Tsiku limene batanilo lakana, vuto silikhala kugona mopendekeka kokha. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwa kalavani limatsamira pa chipini chija, ndiye pikiapu ikachoka, katundu yenseyo amagwera miyendo iwiri ya kutsogolo. Miyendoyo ikakana kutsika, galimoto simungaimasule. Ikakana kukwera, simungachoke pamalopo. Firiji ya gasi nayo, ija yoyendera amoniya, imawonongeka ikagwira ntchito nthawi yaitali ili chopendekeka, ndipo zipinda zotulukira m'mbali zimakhula kapena kukakamira felemu ikapotoka.

Mfundo imene ndikufuna muigwire ndi iyi: mawu otuluka pa sikirini amakuuzani chimene kabokosi kolamulira kamva, osati chimene chawonongeka. Kakalemba kuti sensa siikuyankha, mwina sensayo ndi yabwinobwino, kungoti magetsi anatsika pampu yoyendetsa miyendo itayamba kukoka. Ndalama zambiri zimapita pa pampu yatsopano ndi kabokosi katsopano pomwe vuto linali nati imodzi ya dzimbiri pa batire. N'chifukwa chake kufufuza kuyenera kuyambira kumene magetsi akuchokera, n'kumatsata waya mpaka kukafika pa mwendo.

Musanagwire sipanala, pingani matayala mbali zonse ziwiri. Mabuleki a makalavani amenewa ndi a magetsi ndipo sagwira kalavani ikangoima, palibenso handibuleki. Ngati pikiapu ilipo, ikhale yokolekabe mpaka vuto litadziwika. Musalowe kunsi kwa kalavani imene yakhazikika pa majeke okha, ndipo musamagwiritse majekewa ntchito posintha tayala. Kalavani ya matani 6 kapena 7 ikatsika mwadzidzidzi sipereka mpata woti munthu athawe.

Kenako dziwani mtundu wa makina anu. Makalavani ochuluka amapangidwa m'dera la Elkhart ku Indiana, ndipo ambiri mwa iwo amatuluka ndi zida za kampani ya Lippert ya komweko. Level Up ndi ya oyilo: pampu imodzi ya ma volt 12, thanki ya oyilo ndi mavalavu zimakhala m'chipinda cha kutsogolo pafupi ndi batire, ndipo mapaipi amapita ku mwendo uliwonse. Ground Control 3.0 ndi ya magetsi okhaokha, mwendo uliwonse uli ndi mota yakeyake ndipo mulibe oyilo. Kulinso za Equalizer Systems ndi za Bigfoot, zimene mabatani ndi mawu ake n'zosiyanako, koma njira yofufuzira siisintha. Mukaona ndodo yonyezimira ikutuluka mu silinda, anu ndi a oyilo. Mukaona kamota pambali pa mwendo, ndi a magetsi.

Tsopano batire. Pano ndi pamene pafunika kudekha, chifukwa batire limanamiza munthu wopupuluma.

Batire la asidi lodzaza bwino, litapuma maola angapo, limasonyeza ma volt 12.6 kapena 12.7 pa multimeter, mita yoyezera magetsi. Likasonyeza 12.2 ndiye kuti latsala ndi theka. Koma nambala ya batire lopuma siikwanira. Batire lokalamba limatha kusonyeza 12.6, mababu n'kumayaka bwinobwino, koma pampu ikangoyamba, nambala ija n'kugwa mpaka 10 kapena 9. Babu limakoka amp imodzi kapena ziwiri, pomwe pampu imadutsa ma amp 50 miyendo ya kutsogolo ikayamba kunyamula. Ndiye muyeso woona ndi wa nthawi imene makina akugwira ntchito. Apa pafunika anthu awiri, wina adine batani, wina agwire mita. Nsonga za mita zikhudze mitu yeniyeni ya batire, osati zomangira mawaya. Nambala ikatsika pansi pa 11 pa mitu yomweyo, batire ndiye lafooka, ndipo kwina konse musavutike kufufuzako mpaka mutalitchaja kapena kulisintha.

Ambiri amanena kuti, "Koma ndalumikiza ku magetsi a pamalo ogona, ndiye batire lilibe ntchito." Ayi ndithu. Magetsi a pamtengo aja amadutsa mu converter imene imatulutsa pafupifupi 13.6, ndipo nthawi zambiri imakhala patali, yolumikizidwa ndi waya wautali. Siingathe yokha kupirira kukoka kwa mwadzidzidzi kwa mota ikamadzuka. Batire ndi limene limasenza katundu ameneyo. Chimodzimodzinso pulagi ya mapini 7 yochokera ku pikiapu: waya wake wotchajira ndi wowonda, umathandiza pang'ono chabe injini ikamalira. Mukafuna thandizo lenileni kuchokera ku galimoto, tengani ma jumper okhuthala mulumikize batire la pikiapu ku la kalavani mwachindunji, injini ikulira. Miyendo ikayamba kuyenda bwino mukatero, mwalipeza vuto.

Funsaninso chimene chalitha batirelo. Onani switchi yodulira batire ngati ili potsegula. Onani madzi m'maselo ngati batire lake ndi lothira madzi, ndipo muthiremo a distilled okha. Ngati muli ndi mabatire awiri a ma volt 6 olumikizidwa motsatana, yezani lililonse palokha, pakuti selo imodzi yakufa imagwetsa onse. Palinso kachinthu kamene anthu amakaiwala: kapini ka breakaway, kaja kali ndi kachingwe kopita ku pikiapu. Kakasololoka pomasula, mabuleki onse amagwira n'kumadya ma amp oposa 10 mwakachetechete, ndipo m'maola ochepa batire limakhala litatheratu. Amene anaika mabatire a lithium ali ndi vuto lina. Batire lotere lili ndi kabolodi ka chitetezo mkati, BMS, kamene kamadula magetsi onse mota ikakoka kupitirira malire ake. Zikatero sikirini imazima kotheratu n'kuyakanso, ngakhale batire lili pa 13.2. Batire limodzi la 100Ah lokhala ndi malire a ma amp 100 limatha kuchita zimenezi pa pampu ya oyilo, ndipo mankhwala ake ndi kuwonjezera lachiwiri pambali.

Tinene kuti batire lapirira, lakhala pamwamba pa 12 kapena pafupi pamenepo pampu ikulira, koma miyendo ikuyendabe mwaulesi kapena sikirini ikulemba "Low Voltage". Ndiye kuti magetsi akutayika panjira. Kuyang'ana ndi maso sikuthandiza kwenikweni, chifukwa cholumikizira chimatha kuoneka choyera kunja pomwe mkati mwadzaza ufa wobiriwira. Ikani nsonga imodzi ya mita pa mutu wa positive wa batire, inayo pa bawuti imene waya wofiira wafikira ku pampu, mnzanu adine batani. Mita ikuyenera kusonyeza nambala yochepa kwambiri. Ikapitirira 0.5, pali potsamwa. Yendani ndi nsonga ija cholumikizira ndi cholumikizira, kubwerera ku batire, mpaka mutapeza pamene nambala yadumpha. Cholumikizira chimodzi chikamadya kupitirira 0.2, chimasuleni, chipaleni ndi sandipepa mpaka chitsulo chiwale, mumangenso molimba ndi kupaka girisi pang'ono pamwamba. Chitaninso zomwezo ku mbali ya negative. Waya wa earth womangidwa ku felemu ndi amene amanyalanyazidwa kwambiri, chonsecho ndi amene amamwa madzi ndi mchere wothiridwa m'misewu ya kumpoto kwa America m'nyengo yachisanu. Pomaliza, yendetsani dzanja pa zolumikizira pampu itangoima. Chimene chatentha ndicho chikudwala.

Pali chizindikiro china chosasokoneza. Pampu imayenda masekondi angapo, n'kuima, magetsi a pa sikirini n'kuzima kapena kuphethira, kenako pakapita kanthawi mumamva kuti "thi" ndipo zonse zimadzukanso. Imeneyo ndi breaker yodzibwezera yokha, kabokosi kakang'ono ka mabawuti awiri kokhala pakhoma pafupi ndi batire. Imadula ikatentha, ndipo ikadula kambirimbiri imafooka n'kuyamba kudula msanga. Makalavani ambiri anatuluka ndi ya ma amp 50 pa pampu, ndipo m'nyengo yozizira, oyilo akalimba, 50 imachepa. Eni ake ambiri amaikapo ya 80. Zimathandizadi, koma ndikupempheni chinthu chimodzi: onani kaye kukula kwa waya. Breaker ilipo kuti iteteze waya kuti asapse. Mukaika yaikulu pa waya wowonda, mwasandutsa wayayo kukhala fyuzi, ndipo ali m'chipinda chimodzi ndi batire, pafupi ndi masilinda a gasi. Waya ngati ndi wochepa, sinthani zonse pamodzi. Kumbukiraninso kuti batire lofooka limachititsa mota kuvutika n'kukoka kwa nthawi yaitali, ndiye breaker imatha kudula chifukwa cha batire, osati chifukwa yachepa.

Magetsi akamafika bwino, khutu ndilo chida chotsatira. Mukadina batani osamva kalikonse, yang'anani fyuzi yaing'ono ya kabokosi kolamulira ndi kawaya kochokera ku mabatani, kaja kofanana ndi ka telefoni, ngati kalowa bwino mbali zonse. Mukamva kugogoda kamodzi koma mota osazungulira, kayikirani solenoid. Pa Level Up, solenoid imeneyi ndi imene imatembenuza positive ndi negative kuti mota izungulire uku potsitsa ndi uko pokweza, choncho mbali imodzi ikapsa, miyendo imatsika koma osakwera, kapena kukwera koma osatsika. Yezani magetsi pa mawaya awiri opita ku mota. Ngati akufika ndipo mota ili zii, mota ndiyo yafa kapena makala ake atha. Ngati sakufika, ndi solenoid.

Mota ikamazungulira koma mwendo osasuntha, pitani ku valavu. Gulu lililonse la miyendo lili ndi valavu yake yokhala ndi koyilo. Mnzanu akadina batani la gululo, koyiloyo iyenera kulandira ma volt 12 n'kusanduka maginito, ndipo mukayandikitsa sikuludilaiva mumaimva ikukokedwa. Popanda kukoka, vuto ndi waya kapena koyilo. Sinthanitsani koyiloyo ndi ya valavu yoyandikana nayo. Vuto likasamukira ku gulu linalo, mwadziwa chogula, ndipo ndi chotchipa.

Mawu ena a pa sikirini satanthauza kuti china chake chawonongeka. "Out of Stroke" ndiye kuti mwendo watuluka mpaka pothera osakwanitsa kuwongola. "Excess Angle" ndiye kuti kalavani yapendekeka kupitirira mlingo umene makina amalola. Onse awiri akudandaula za malo. Kwezani miyendo, ikani matabwa okhuthala kunsi kwa matayala a mbali yotsika, mukwerepo ndi pikiapu, ndipo kunsi kwa miyendo muikemo zipika zafulati. Makinawa ntchito yake ndi kumalizitsa kuwongola, osati kusandutsa chitunda kukhala bwalo. Mukawakakamiza, amanyamula matayala a mbali imodzi m'mwamba, zopinga zija zimasiya kugwira, ndipo kalavani yonse imatsala itaima pa ndodo zotalika zimene sizinapangidwe kuti zipirire kukankhidwa cham'mbali. Mwendo ukatuluka pang'ono m'pamene kalavani imakhazikika bwino. Pa dothi lofewa, phazi lopanda thabwa limangomira, makina n'kumalondola mpaka kulemba "Jack Time Out" kapena "Auto Level Fail".

Mawu omalizawa amabweranso anthu akamayendayenda mkati. Sensa imamva kugwedezeka kulikonse, ngakhale kwa mwana wothamanga kapena galu wamkulu. Onse atsike, chitseko chitsekedwe, mudine batani n'kudikira. Pakati pa ntchito makina amaima masekondi angapo kuti amve mmene kalavani yakhalira. Musadine kanthu pa nthawi imeneyo, chifukwa batani lililonse limaimitsa zonse.

Chinanso chimene chimasokoneza atsopano ndi kabwezeredwe ka mutu pa msinkhu wokolera. Mukadina LEFT ndi RIGHT pamodzi, makina amakweza miyendo ya kumbuyo n'kubwezera mutu pamene unali pikiapu ikuchoka. Koma amakumbukira msinkhuwo pokhapokha ngati munadina AUTO LEVEL mutu uli pamwamba pa levulo. Mukayamba mutu uli pansi, amalemba "Feature Disabled". Palibe chafa. Kwezani mutu ndi mabatani wamba, ndipo ulendo wina mudzayambe mutu uli m'mwamba.

Nanga makina akamaliza n'kulemba kuti zatheka, koma chitseko cha bafa chikudzitsekera chokha ndipo mazira akuthawira mbali imodzi ya poto? Apo ndiye kuti chimene makina akuchiyesa levulo si levulo. Musanakonze, pitani kaye mukaone sensa ya kumbuyo. Imakhala kunsi, pafupi ndi maekiselo, kuseri kwa chipepala chakuda cha pulasitiki chotchinga mimba ya kalavani. Ngati chitsulo chake chapindika, sikuluwu yamasuka, kapena pulagi yalowa madzi, kukonza pa mabatani kudzagwira tsiku limodzi lokha. Sikirini ikalemba "External Sensor", kumeneko ndi koyambira. Sensa ikakhala yolimba, chitani chimene amati zero point. Lowani mu manual mode, ikani levulo ya amisiri yaitali pansi pakati pa kalavani, ndipo wongolani ndi mabatani, kutsogolo ndi kumbuyo kaye, kenako m'mbali. Miyendo yonse ikhale itaponda. Zimitsani sikirini. Dinani FRONT kasanu, kenako REAR kasanu pa Ground Control 3.0, ndipo pa Level Up yokhala ndi mabatani akale ndi kakhumi kakhumi. Sikirini idzafunsa za zero point, mudine ENTER, ndipo pasakhale wogwedeza mpaka itavomereza. Levulo musaiike pa kauntala ya kukhitchini, chifukwa makauntala ambiri sanakhomedwe mofanana ndi pansi.

Amene muli ndi majeke a magetsi, vuto lanu lodziwika ndi mawu otchula mwendo umodzi, monga "LF Jack" wa kumanzere kutsogolo kapena "RR Jack" wa kumanja kumbuyo. Mu mota iliyonse muli kasensa ka Hall kamene kamawerenga kuzungulira kwake, ndipo kabokosi kamadziwa kutalika kwa mwendo powerenga basi, sikaona. Magetsi akaduka mwendo uli pakati pa ulendo, chiwerengero chimasokonekera ndipo kabokosi kamakana kupitiriza. Kuti kayambenso kuwerenga bwino, kolekani kaye pikiapu, chifukwa miyendo ya kutsogolo nayo ikwera yonse, ndipo mutu wopanda chochirikiza ukhoza kugwa pansi. Tulutsani mwendo uliwonse mainchesi osachepera 6, amene ndi masentimita 15, muyeze ndi tepi osati ndi maso. Kenako dinani RETRACT, batani lokweza miyendo, osachotsa chala mpaka yonse itayamba kukwera, ndipo muisiye ifike kumapeto. Mwendo umodzi ukaperewera pa mainchesi 6 aja, mawuwo sachoka, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwa mphwayi n'kuyamba kuganiza zogula kabokosi kena.

Mawuwo akabweranso mwendo womwewo, tsatani mapulagi ake awiri, ya mota ndi ya sensa. Yang'anani mapini obiriwira, opindika kapena obwerera m'mbuyo, ndiponso pamene waya wakhula ku felemu. Pa kabokosi, sinthanitsani mapulagi onse awiri a mwendo wodwalawo ndi a mnzake wa mbali ina. Mawu a pa sikirini akasamuka, vuto lili mu mwendo kapena waya wake. Akakhala pomwepo, ndi kabokosi. Mukatha mubwezeretse mapulagi m'malo mwake, apo ayi makina adzakweza kumanzere pofuna kukweza kumanja.

Ku makina a oyilo nkhani ndi yambiri. Oyilo wake ndi ATF, uja wa giyabokosi ya otomatiki, wa mtundu wa Dexron III kapena Mercon. Mlingo muziona miyendo yonse itakwera ndi zipinda za m'mbali zitalowa, ngati nazo zimayendera pampu yomweyo. Pamenepo oyilo ayenera kutsala pang'ono kufika pakamwa pothirira, pafupifupi kota kapena theka la inchi malinga ndi buku la makina anu. Mukayang'ana miyendo ili pansi, thanki imaoneka ngati yatha, chifukwa oyilo ali m'masilinda. Mukadzaza nthawi imeneyo, pokweza miyendo oyilo yense abwerera n'kusefukira m'chipinda monse. Oyilo wabwino ndi wofiira woonekera. Wooneka ngati mkaka walowa madzi, wakuda wonunkha kupsa ngofunika kusintha.

Oyilo akachepa, pampu imayamwa mpweya. Mudzamva kulira kosintha, miyendo idzayenda modukiza, ndipo m'thanki mudzaoneka thovu. Kuchotsa mpweya sikufuna chida. Pikiapu ili yokoleka, tsitsani ndi kukweza miyendo katatu kapena kanayi, mukupumitsa mota pakati kuti isatenthe. Dikirani mphindi 15 kapena 20 thovu lithe, muwonjezere oyilo miyendo ili m'mwamba, mubwerezenso. Koma oyilo sauma yekha. Ngati wachepa, watulukira penapake, ndiye tsatani mapaipi ndi tochi. Musafufuze podontha ndi chala pampu ikulira. Oyilo wotuluka pa kabowo kakang'ono ndi mphamvu yoteroyo amaboola khungu n'kulowa m'thupi, ndipo bala lake, ngakhale lioneke laling'ono, ndi lothamangira nalo kuchipatala nthawi yomweyo. Gwiritsani katoni.

Miyendo iwiri ya kutsogolo ikamatsika mosiyana, wina kufika pansi mnzake asanayambe, musade nkhawa. Imagawana valavu imodzi, ndipo oyilo amayamba kupita kumene kuli kofewa. Woyambawo ukaponda, winawo umatsatira, ndipo imanyamula limodzi.

Usiku, kunja kukayamba kuzizira, makalavani ena amalira "kha" ngati munthu wamenya felemu ndi hamala. Zimachititsa mantha koma kawirikawiri si zoopsa. Oyilo akazizira amachepa pang'ono, ndodo imafuna kusuntha, rabala ya mkati imaigwira, kenako n'kuitaya mwadzidzidzi. Mankhwala odziwika ndi kupopa kwati imodzi ya ATF m'thanki, pafupifupi lita, n'kuthiramo oyilo wa mafoloko a njinga yamoto wa giredi 15, monga wa Torco kapena Maxima, kapena mankhwala a Caterpillar a nambala 1U-9891. Mukathira, yendetsani miyendo kangapo kuti asakanikirane. Pukutaninso ndodo ndi nsalu yoyera n'kuzipopera silicone, makamaka kalavani ikakhala miyezi pamalo amodzi kapena pafupi ndi nyanja ya mchere. Girisi musapake pa ndodo, amagwira mchenga ndipo mchengawo umakadula rabala.

Kutsika pang'ono kwa usiku umodzi chifukwa cha kuzizira n'kosiyana ndi kalavani imene ikunka nitsika tsiku ndi tsiku, kapena mwendo umene umalendewera muli pa msewu. Ngati kunja kulibe podontha, oyilo akudutsa mkati. Choyamba onani kasikuluwu ka pamutu pa valavu iliyonse, kotsegulira pamanja. Kakasiyidwa kolowa ngakhale pang'ono, valavu siitseka. Kayenera kukhala kobwezedwa kunja mpaka pothera, mosakakamiza. Chachiwiri ndi kachitsotso pa mpando wa valavu. Chachitatu ndi rabala ya pisitoni. Kuyeza kwake n'kotere: pikiapu ili yokoleka, kwezani mwendo mpaka kumapeto, masulani paipi ya pamwamba pa silinda imene imatsitsa, itsekeni ndi chotsekera chachitsulo, valani magalasi, ndipo mnzanu adine RETRACT. Timadontho tochepa si kanthu. Oyilo akamatuluka mosalekeza pa bowo la silinda, rabala yatha. Apa pali msampha: paipi yokwezera ndi imodzi ya miyendo yonse, kotero silinda imodzi yodutsitsa oyilo imatha kufooketsa mphamvu yogwira ina yonse. Mwendo umene ukulendewera nthawi zina si umene uli ndi vuto. Yezani umodziumodzi musanagule.

Tsiku lina zonse zikhoza kukanika muli kutali, ndipo chofunika n'kungokweza miyendo kuti mufike kwa amakaniko. Njira ya pamanja ilipo, ndipo ndi bwino kuiyeserera pakhomo dzuwa likuwala. Pa Level Up mufunika Allen key ya 5/32 ndi drill ya batire yodzaza. Lowetsani kasikuluwu ka valavu ya gulu limene mukufuna kusuntha, kuzungulira kumanja mpaka kataima, osakakamiza. Matulani kapepala kapena kachivindikiro ka kumapeto kwa mota, mudzaona polowetsa. Mota zina zimafuna biti ya hex ya 1/4, zina soketi ya 1/2, ndiye onani yanu lero n'kusunga chidacho m'chipinda chomwecho. Drill ikazungulira mbali imodzi miyendo imatsika, mbali inayo imakwera. Yambani pang'onopang'ono mukuyang'ana mwendo kuti mudziwe mbali yake, ndipo ya kutsogolo musaikweze chipini chisanatsekeke m'chimbale cha pikiapu. Pa majeke a magetsi, zulani kaye pulagi ya mota, chifukwa mota yozunguzidwa imapanga magetsi amene amabwerera ku kabokosi. Chotsani kachivindikiro ka rabala, lowetsani ratchet ya 3/8 yokhala ndi chotalikitsira, muzungulitse. Drill wamba imaloledwa, koma ya impact ayi, imaswa magiya.

Mukamaliza, bwezerani kasikuluwu ka valavu iliyonse kunja, apo ayi miyendo idzatsika yokha muli pa liwiro. Zungulirani kalavani yonse, mugwade ndi kuona phazi lililonse ndi maso anu ngati lakweradi, ndi mapini a miyendo ya kutsogolo ngati alowa m'mabowo ake. Mwendo umene mukuukayikira muumange ku felemu ndi lamba wa ratchet, ndipo mukayenda makilomita 10 oyamba muime pamalo abwino n'kuuonanso.